Abiti Jamal Akana Kutoledwa

Aliyense amene anasoketsapo yunifolomu ya mwana kuseri kwa msika waukulu wa Zomba amamudziwa Rahima, telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo. Akuluakulu a ku Mbedza, kumene amakhala, amamutchula kuti Abiti Jamal, potengera dzina la malemu bambo ake amene ankakonza mawotchi. Ndi mayi wamfupi, wochepa thupi, wa zaka zopitirira pang'ono makumi anayi. Ukamamuyankhula amamva zonse, koma maso ake amakhala ali kumsewu ngati pali wina amene akumudikira.

Ali mwana ndiye ankatumidwa kwambiri pakhomo. Mayi ake akazindikira kuti mchere watha ndiwo zili kale pamoto, sankaitana Saiti, mchimwene wake wamkulu, koma Rahima. Kusukulu anathamangapo pampikisano kamodzi kokha, wopanda nsapato, ndipo anakhala wachiwiri. Anamupatsa kope ndi sopo, nkhani n'kuthera pomwepo. Analekeza Fomu 2, n'kukaphunzira kusoka kwa azakhali ake ku Chikamveka. Kenaka anakwatiwa ndi Latif, dalaivala wa lole yotsitsa matabwa kuchokera kuphiri. Anabereka ana aakazi awiri, woyamba anakwatiwa ku Liwonde, wachiwiri ali kusukulu yogonera komweko. Zaka makumi awiri zinadutsa Rahima ali pampando, mapazi ali pa makina.

Latif anadandaula mutu Lachiwiri lina mu Febuluwale wa 2023, ndipo pofika Lachisanu anali ataikidwa. Rahima analowa eda, nthawi imene mkazi wa Chisilamu amakhala pakhomo mwamuna wake akamwalira: miyezi inayi ndi masiku khumi. Sanadandaule nazo, anazichita ndi mtima wonse. Koma thupi lake silinkadziwa kukhala. Ankasesa m'nyumba katatu patsiku. Anasomola makatani onse n'kuwasokanso. Mvula ya namondwe ija itabwera mu Malichi, iye ankangoimva padenga, n'kumayenda kuchoka pakhomo kufika kuchipinda, kuchoka kuchipinda kufika pakhomo. Azimayi ankabwera kudzamukhazika, ndipo onse ankayankhula motsitsa mawu. Akati anyamule ndowa, wina ankamulanda. Akati akoleze mbaula, wina ankati, "Khalani pansi, Abiti Jamal, tichita ndife." Ankawathokoza, koma m'kati ankangomva ngati akumufunditsa mabulangete ambiri nthawi yotentha.

Eda itatha kumapeto kwa Juni, anabwerera pakhonde pake. Apa m'pamene anaona kuti china chasintha. Ankasoka mkono umodzi wa malaya n'kuimirira. Ankapita kukagula ulusi umene anali nawo kale. Tsono anayamba kuyenda. Akangomaliza swala, pemphero la m'mamawa, ankavala juzi n'kutuluka, kudutsa m'tauni mashopu asanatsegulidwe, kuzungulira kumunsi kwa phiri, n'kubwerera kunyumba dzuwa likutuluka. Akayenda chotero ankatha kukhala pa makina mpaka masana.

Tsiku lina pakhonde panafika mayi wamtali wa mawu aakulu, atanyamula jekete lothamangira lomwe zipi yake inali itaduka. Anali Consolata, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina m'tauni momwemo. Anamuyang'ana Rahima kawiri.

"Kodi si inu amene timakupitirirani m'mawa uliwonse, mukuyenda ngati basi ikukusiyani?"

"Mwina ndine."

"Ndinu ndithu. Mpango wobiriwira womwewu. Nanga bwanji osangothamanga, achemwali? Miyendo yanuyo ikupempha yokha."

Rahima anaseka, koyamba patapita nthawi. "Ine ndakula, aphunzitsi."

"Mwakula kuposa a Henderson? Aja ali ndi zaka sikisite-filii, koma amatisiya tonse pachitunda. Mubwere Loweruka, faifi koloko, pamphambano ya msewu wokwera kuphiri."

Rahima sanalonjeze. Koma madzulo ake anapita pakaunjika kukasankha nsapato, ndipo mawa lake anadzisokera thalauzi yotakasuka ndi malaya ofika m'maondo.

Loweruka anapeza anthu asanu ndi atatu akudumphadumpha pamphambano chifukwa cha kuzizira. Panali asilikali awiri, namwino, anyamata a kuyunivesite, Consolata, ndi bambo wina wa imvi, wouma ngati mtengo wa bulugamu. Amenewa ndiwo anali a Henderson, amene anapuma ntchito ya zankhalango atayendera phiri lomwelo zaka makumi atatu. Cholinga cha gululo Loweruka lililonse chinali chimodzi: kukwera msewu wa tala mpaka kudamu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri.

Atanyamuka, Rahima anathamanga monga ankathamangira potumidwa mchere. Kwa kanthawi anali pakati pa asilikali aja, mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe. Msewu utangoyamba kukwera, mpweya unamuthera. M'nthiti munayamba kubaya. Mmodzimmodzi anamupitirira, mpaka anatsala yekha, akumva kupuma kwake kokha ndi madzi otsika m'ngalande. Anayamba kuyenda.

Posakhalitsa anamva mapazi akutsika. Gulu lonse linali likubwerera. Anamuzungulira, wina akuomba m'manja, wina akuti, "Mwayesetsa mayi, pang'onopang'ono." Anakwera naye limodzi mwa liwiro lake mpaka pokhotera, kenaka anamusiyanso. Atatsalanso, anabweranso. Consolata anamufotokozera kuti limenelo ndi lamulo lawo: sasiya munthu m'phiri. Otsogola akafika pokhotera pakulu amabwerera kukatenga wotsalira. Iwo ankati kutola.

Tsiku limenelo anamutola kanayi, ndipo kudamu sanafikeko. Anatsika phiri nkhope ili gwa. Chimene chinkamuwawa si miyendo ayi, koma mawu ofewa aja. Anali omwe aja a m'nyumba ya maliro.

Loweruka lotsatira anafika msanga, n'kupeza a Henderson ali okha akumanga zingwe za nsapato.

"Bambo Henderson, ndili ndi pempho. Musamanditole."

"Lamulolo si langa, mayi. Tinaliika titataya munthu m'nkhungu kwa maola atatu."

"Ine sinditayika. Msewu ndi umodzi."

A Henderson anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato. "Ngati simufuna kutoledwa, musamatsale. Njira ina palibe. Ndipo ndikuuzeni, inu mumanyamuka ngati mukuthawa galu. Phiri ili silifuna zimenezo. Yambani ngati waulesi. Musamayang'ane pamwamba pa chitunda, muziyang'ana zidendene za amene ali patsogolo panu."

Kuyambira pamenepo Rahima anayamba kusowa mtendere mwa mtundu wina. Lachiwiri ndi Lachinayi ankakwera yekha chigawo choyamba cha msewuwo, kutsika, n'kukweranso. Akamasoka ankawerengera m'mutu malo okhotera: pamlatho, pamwala waukulu, pamene amagulitsa masitiroberi. Akamadula nsalu ankadzifunsa kuti kodi Consolata amapuma bwanji kuti aziyankhula uku akukwera. Mu Ogasiti anamutola kawiri kokha. Mu Seputembala anafika kudamu koyamba, womalizira, ndipo m'malo mokondwa anafunsa namwino uja kuti oyamba anafika mphindi zingati iye asanafike. Atamva kuti khumi ndi zinayi, chiwerengerocho chinamukhala m'mutu sabata yonse ngati kamwala m'nsapato.

Madzulo ena kunyumba kunabwera Che Saiti, mchimwene wake uja, amene amagulitsa zipangizo za njinga zamoto. Anamwa tiyi, anafunsa za ana, kenaka anakhosomola.

"Achemwali, anthu akuti akumakuonani mukuthamanga ndi asilikali kuphiri."

"Akunena zoona, achimwene. Palinso aphunzitsi ndi anamwino, koma amenewo sawaona."

"Ine sindinabwere kudzakuletsani. Thupi mumaphimba, swala simuphonya. Amene akuyankhulawo ndawayankha kale. Koma mwaonda. Kodi mukuthamangira chiyani kwenikweni?"

Rahima anayang'ana kapu yake. "Ndikakhala pansi, mutu umandiwira. Ndikamakwera chitunda chija sindiganiza za munthu aliyense, wamoyo kapena wakufa. Ndimangoganiza za mpweya."

Che Saiti anamaliza tiyi wake. Ponyamuka anangoti, "Muzitenga foni. Musokerepo kathumba pathalauzipo, si inu telala?"

Loweruka lachiwiri la Okutobala kunacha kotentha kale. Ali pamphambano, Rahima anamukokera Consolata pambali.

"Lero ndikhala kumbuyo kwanu mpaka kudamu. Koma musachepetse liwiro chifukwa cha ine. Mukachepetsa ndidziwa."

"Mukutsimikiza, achemwali? Ine lero ndadzuka bwino."

"N'chifukwa chake ndasankha lero."

Ananyamuka. Rahima anayamba ngati waulesi, monga anamuuzira a Henderson, maso ali pa zidendene za Consolata. Nsapato za mphunzitsiyo zinali zofiira, yakumanzere yodyeka mbali imodzi. Anadutsa nyumba zakale za boma, anadutsa pamlatho. Anyamata a kuyunivesite, amene ankayamba mwaphuma masiku onse, anayamba kutsalira m'mbuyo mmodzimmodzi. Rahima anawapitirira osawayang'ana. Pamwala waukulu, pamene kale ankayamba kuyenda, miyendo inapempha yokha kuti aime. Anaikaniza.

Azimayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu anapatukira m'mbali. Wina anakuwa, "Limbikani mayi a mpango, musamusiye ameneyo!" Mnzake anati, "Anthu awa alibe ntchito eti? Abwere adzasenze kuno." Consolata anaseka n'kuwayankha, koma Rahima analibe mpweya wosekera. Thukuta linali litanyowetsa mpango mpaka m'khosi. M'kamwa munkamveka ngati wanyambita chitsulo. Tauni inali itatsala pansi kumanzere, madenga akunyezimira, koma iye sanaione. Ankangoona zofiira ziwiri zija zikukwera, zikutsika.

Atafika pamene msewu umalowa m'mapaini, patsogolo panali a Henderson ndi msilikali mmodzi, kenaka Consolata, kenaka iye. Ena onse anali kumbuyo. Consolata anacheuka kamodzi, anaona nkhope ya Rahima, ndipo anaonjezera liwiro. Mtima wa Rahima unadumpha ndi chimwemwe chachilendo. Mayiyu sankamumvera chisoni. Ankamuthawa ngati mmene munthu amathawira mnzake amene angathe kumupitirira.

Mpata unakula kufika mikono isanu. Rahima anautseka. Unakulanso, anautsekanso. M'katumba wa mwendo wakumanja munayamba kukoka, pang'ono chabe, ngati ulusi wothina pa makina. Anadziwa kuti ulusi ukathina chotero umafunika kuumasula. Koma anali atayamba kumva kamphepo kozizira kochokera kumadzi, ndipo zidendene zija zinali pafupi kwambiri moti akanatha kuzigwira. Anaganiza zomupitirira. Anapatukira kumanja, anaponda mwamphamvu ndi zala.

Anamva ngati wina wamugenda ndi mwala kumbuyo kwa mwendo. Anacheuka kuti aone wamugendayo, koma kunalibe munthu. Ataponda kachiwiri, mwendo unakana, ndipo anagwera m'mbali mwa msewu, manja ali m'masamba ouma a paini.

Consolata ndiye anayamba kufika, a Henderson pambuyo pake. Bambowo anagwada, anagwira katumba uja ndi zala ziwiri, Rahima n'kukuwa.

"Mnofu wang'ambika," anatero a Henderson. "Musapondenso. Tidikire galimoto yotsika."

"Kudamu kwatsala pati?"

"Mayi, mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Kwatsala pati?"

"Mukangokhota apo."

Rahima anagwira phewa la Consolata n'kuimirira ndi mwendo umodzi. Anayenda chotsimphina, mano ali cholumana, ena onse amene anali kumbuyo akuwapeza n'kumayenda nawo mwakachetechete. Palibe amene anaomba m'manja. Atafika anakhala pakhoma la damu, anayang'ana madziwo, ndipo anayamba kulira kwambiri, kulira kotulutsa mawu, kumene sanalire ngakhale tsiku loika Latif. Anzakewo anaganiza kuti ndi ululu wa mwendo. Consolata yekha ndiye anakhala pansi pambali pake. Kulira kutatha, Rahima anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, anatulutsa foni m'kathumba kaja n'kuimbira Che Saiti, amene anakwera ndi njinga yamoto kudzamutenga. Njira yonse yotsika mchimwene wakeyo sanamudzudzule. Anangoti, "Gwiritsitsani, pokhotera apa pali mchenga."

Kuchipatala anamuuza kuti asathamange masabata asanu ndi limodzi, ndipo mwendowo aziupumitsa. Apa ndiye panali vuto, chifukwa umenewo ndi mwendo umene ankapondera makina, ndipo inali nyengo ya maukwati. Anaphunzira kuponda ndi wakumanzere. Masiku oyamba mizere inkapita mokhota, ndipo diresi lina la mperekezi wa mkwatibwi analisomola katatu. M'mawa ankadzuka nthawi yomwe ija, kuswali, kenaka n'kukhala pakhonde la nyumba akuyang'ana phiri likuyera, mwendo uli pampando. Loweruka linkamuvuta koposa. Ankayang'ana wotchi n'kumati, pano ali pamlatho, pano alowa m'mapaini.

Sabata yachiwiri Consolata anabwera kudzamuona, atanyamula mapichesi a kuphiri. Anakhala pamkeka, mawu ake aakulu aja atachepa.

"Achemwali, ine ndinakumvani mmene munkapumira tsiku lija. Ndikanachepetsa."

"Mukanachepetsa, sindikanabweranso."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinachepetse. Koma ndikuuzeni zoona, popeza zoona ndi zimene mumafuna. Mwendowo unakuchenjezani, inu munaumva. Simunavulale chifukwa cha liwiro langa, munavulala ndi makani anu. Mukanakhala kumbuyo kwanga mpaka kudamu monga munanenera, bwenzi lero tili limodzi kuphiri. Inu munafuna zonse tsiku limodzi."

Rahima anakwiya. Anayamba kusenda pichesi mwamphamvu mpaka mpeni unalowa m'kati. Palibe munthu amene anali atamuyankhula chotero chiyambire Febuluwale. Kenaka anafunsa, osadzutsa mutu, "Koma ndikanakupitirirani?"

Consolata anaganiza kaye. "Ayi. Ndinali ndisanathe."

Onse awiri anaseka mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

Rahima anabwerera kugulu kumayambiriro kwa Disembala, mvula itayamba. A Henderson anamulembera papepala zoti azichita: sabata yoyamba kuyenda kokha, yachiwiri kuthamanga malo athyathyathya, phiri pambuyo pa Khirisimasi. Anatsatira pafupifupi zonse. Anangoba sabata imodzi.

Lero Rahima amathamanga katatu pasabata, ndipo Loweruka amafika kudamu m'gulu la anayi oyamba. Koma iye sanamupitirirebe Consolata. Kawiri anafika naye phewa ndi phewa, koma pokhotera pomaliza mphunzitsiyo amakhala ndi kena kamene anasunga. Kukazizira katumba uja amamukumbutsa, ndipo tsopano akakoka, Rahima amachepetsa, ngakhale amachita zimenezo akung'ung'udza. Azimayi atatu a ku Mbedza anabwera kudzasoketsa thalauzi ndi malaya ngati ake. Mmodzi anabwera kuphiri kawiri n'kuleka, wina amavala zakezo popita kumunda, wachitatu akubwerabe.

Kukhazikika ndiye sanakupezebe. Makasitomala amadziwa kuti Loweruka m'mawa pakhonde sapezeka, ndipo akafika amasoka mwachangu ngati tsiku lamuchepera. Mwezi wathawu Consolata anatumiza uthenga pafoni kuti mu Julayi gulu lipite ku Mulanje, kumpikisano wokwera ndi kutsika phiri la kumeneko, kumene njira yake ndi ya miyala yokhayokha, yopanda tala. A Henderson anayankha kuti maondo awo sangalole. Asilikali aja anavomera nthawi yomweyo. Lachinayi lapitali Rahima anatseka makina dzuwa likadali pamutu, anauza mayi amene ankadikira siketi yake kuti abwere mawa, n'kupita kudepoti kukafunsa kuti minibasi yoyamba yolowera ku Mulanje imanyamuka nthawi yanji.